Soketi ya buluu pakhonde: zolemba za ntchito yotchajira galimoto yamagetsi kwathu ku Senga Bay

Loweruka loyamba la Seputembala

Ndayamba kulemba izi chifukwa cha fungo. Lachinayi usiku, cha m'ma 11 koloko, mayi a kunyumba anandigwedeza: "Abambo, simukumva? Pali chimene chikupsa." Kukhitchini mbaula inali itazima kalekale. Fungo limachokera pakhonde, pomwe ndimalumikiza galimoto. Nditagwira pulagi ndinachotsa dzanja msanga ngati ndagwira chivindikiro cha poto wa nyemba. Ndinathimitsa magetsi onse, n'kuizula ndi chiguduli. Pulasitiki yozungulira mwendo umodzi inali itada, soketi ya pakhoma itapindika pakamwa.

Galimotoyo ndi Nissan Leaf ya 2014, yakale ya ku Japan, batire lake la 24 kWh (kWh imodzi ndi yunitsi imodzi ya magetsi). Pa mizere 12 yosonyeza thanzi la batire yatsala 9, ndiye kuti limasunga pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu zomwe linkasunga lili latsopano. Ndinaigula nditatopa ndi kugona pa mzere wa mafuta. Ntchito yake ndi yonyamula mazira, masamba ndi nkhuku kupita ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kupita ku msika wa paboma, nthawi zina ku Lifuwu kukatenga mpunga. Pa tsiku imayenda makilomita 60 kapena 70, ndipo kuti ibwezere zimenezo imadya mayunitsi pafupifupi 13 pa mita ya magetsi ya pakhomo.

Cholakwika chinali chingwe. Chinabwera ndi galimoto, ndipo pa chibokosi chake analembapo 200V, 15A (V ndi ma volt; A ndi ma amp, kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya). Pulagi ya ku Japan siilowa m'masoketi athu, ndiye amene anandigulitsa galimoto anangoidula n'kuikapo yathu ya miyendo itatu, ya fyuzi ya 13A. Ine ndinkaganiza kuti zikadzavuta fyuzi idzapsa. Fyuzi ya 13A siipsa msanga ikamadutsa 15A. Imangotentha, maola ndi maola, usiku uliwonse, mpaka pulasitiki kugonja.

Pakadali pano ndabwereka chingwe chaching'ono kwa mnzanga wa ku Lilongwe, ndachiika pa 8A. Chimenechi sichitentha, koma 8A pa 230V ndi mawati 1,840, mayunitsi osakwana awiri pa ola. Mayunitsi 13 akufuna maola 7 osadukiza. Magetsi akathima 2 koloko usiku, m'mawa ndimayamba kusankha makasitomala oti ndiwapepese. Amene tinaona Kapichira atakokoloka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, tinaphunzira kuti magetsi ukawapeza uwagwiritse ntchito pomwepo. Ndikufuna maola 7 aja akhale 4, popanda kutenga ngongole.

Lamlungu, patatha sabata

Alamu anga anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzadya chambo. Ataona soketi yopsa ija sanachedwe.

"Alamu, musavutike. Gulani chibokosi cha pakhoma cha makilowati 7. Maola awiri basi yadzadza."

Anandionetsa pa foni, choyera bwino, cha nyali ya buluu. Kunena zoona mtima unapita. Usiku ndinakhala pansi ndi buku la galimoto ndi intaneti, ndipo ndi pomwe ndinazindikira kuti ndinkatchula zinthu molakwika. Chomwe timachitcha tchaja, chibokosi cha pachingwe kapena cha pakhoma chija, si tchaja ayi. Ntchito yake ndi kuuza galimoto kuti "pano ungakoke ma amp akutiakuti, usapitirire", kuonetsetsa kuti earth (waya wothawitsira magetsi m'nthaka pakavuta) ilipo, kenako n'kutsegula njira. Tchaja yeniyeni, imene imasandutsa magetsi a m'nyumba kukhala a batire, ili m'kati mwa galimoto. Ma Leaf a ku Japan a zaka zimenezi tchaja yawo ndi ya makilowati 3.3. Ena ogulitsidwa ku Ulaya ndi ku America kuyambira 2013 ali ndi ya 6.6, koma yanga si imeneyo.

Zili ngati kutunga pa mjigo ndi chigubu cha kamwa yaying'ono. Ngakhale muitane anyamata atatu kuti apope, madzi olowa ndi omwewo. Chibokosi cha makilowati 7 chimalola 32A, galimoto yanga imakoka 16A n'kuima pomwepo. Ndikanalipira ndalama za 32A n'kumalandira za 16A.

Nditamvetsa zimenezi, njira zina zinagwa zokha. Magetsi a mawaya atatu, a kuchigayo aja, ndi a galimoto zomwe zimalandira makilowati 11 kapena 22. Leaf imatenga waya mmodzi basi, ndiye kupita ku ESCOM kukapempha three phase kukanakhala kungotaya nthawi ya anthu. Bowo lalikulu la pamphuno pa galimoto, la CHAdeMO, limadumpha tchaja ya m'kati n'kuthira molunjika m'batire mpaka makilowati 50, koma makina ake si a pakhonde la munthu wogulitsa mazira. Chatsala ndi chimodzi: soketi yopangidwira 16A, waya wakewake kuchokera ku bokosi la ma breaker, ndi chingwe chatsopano cholola 16A. Soketi yake ndi ya buluu ija, yozungulira, ya miyendo itatu yonenepa, imene mumaiona kwa owotcherera zitsulo.

Ndinawaimbira alamu kuwafotokozera. Anati, "Chabwino, koma mukadzasintha galimoto mudzandikumbuka." Pamenepo sanalakwe, ndipo ndalemba pambali.

Lachitatu

Amisiri a magetsi anabwera m'mawa pa njinga yamoto. Ndinasankha amene ali ndi chiphaso cha MERA, osati mnyamata wa pamsika amene amalumikiza chilichonse bola chiyake. Ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Anayamba ndi bokosi la ma breaker, n'kutsegula, n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali. Soketi ya pakhonde ija inali pa waya mmodzi ndi firiji, ayironi ndi wailesi ya kanema.

Tinayeza ndi tepi kuchokera pa bokosi kukafika pomwe galimoto imagona: mamita 28, chifukwa waya ayenera kuzungulira bafa. Ine ndinali nditawerenga kuti waya wa 2.5 mm² amakwana 16A, ndiye ndinawauza choncho monyadira.

"Amakwana, achimwene," anatero, "koma tiyeni tiwerengere."

Anatulutsa kabuku kakuda ndi girizi. Waya aliyense amataya magetsi pang'ono m'njira. Wa 2.5 amataya mamilivolti 18 pa amp iliyonse pa mita iliyonse, wa 4 amataya 11, wa 6 amataya 7.3. Analemba pa katoni ya mazira: 16 kuchulukitsa ndi 28 kuchulukitsa ndi 18, yankho ndi 8V ndi kanyenyeswa. Wa 4 amataya pafupifupi 5V, wa 6 amataya 3V ndi pang'ono. Kukanakhala kuti magetsi amafika 230V nthawi zonse, 8V si nkhani. Koma ife tili kumapeto kwa mzere, ndipo madzulo anthu onse akayatsa ma hotplate amatsika kale asanalowe m'nyumba. Komanso, anatero, ketulo imakoka mphamvu kwa mphindi zisanu n'kupuma, pomwe galimoto imakoka maola anayi osapuma, m'dziko lotentha ngati Salima. Anakana kudutsitsa waya kudenga. Pansi pa malata mu Okutobala ndi uvuni, ndipo waya wotenthedwa kale amanyamula zochepa. Tikumba ngalande.

Apa ndi pomwe mawu a alamu anabwerera. Kukumba ngalande n'kamodzi. Ndikaika waya wa 6, tsiku lomwe ndidzakhale ndi galimoto yolandira 32A ndidzangosintha breaker ndi soketi. Ndinawerenga ndalama kawiri, ndinapuma, ndinavomera wa 6. Pa ntchito yonseyi, apa pokha ndi pomwe ndalipirira za mawa.

Kenako earth. Anapeza chitsulo chakale kuseri kwa nyumba, waya wake atadyeka ndi dzimbiri, akungogwira ndi tinsinga tiwiri. Makina awo anaonetsa ma ohm opitirira 300, pomwe earth yabwino imaonetsa ma ohm ochepa. Dothi la kuno ndi mchenga, ndipo mchenga wouma sulandira magetsi. Ndinafunsa za makala ndi mchere zomwe anthu amathira m'dzenje. Anaseka: "Mchere umakondweretsa makina tsiku loyeza. Mvula ikabwera umasungunuka, n'kutsala utadya chitsulo." Akufuna zitsulo ziwiri zatsopano, zokhomedwa motalikirana, chimodzi pafupi ndi pomwe madzi a kubafa amathera.

Lolemba, sabata yomaliza ya Seputembala

Ulendo wa ku Lilongwe kukagula zipangizo. Ndinakwera minibasi, ndipo anthu a pa siteji sanandisiye: mwini galimoto yosamwa mafuta akukanganirana mpando ndi dengu la usipa. Msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo umakwera kuchoka pa mamita 500 a kuno kufika kupitirira 1,000. Batire la mizere 9 silingandifikitse ndili ndi mtendere mumtima.

M'sitolo yoyamba anandipatsa waya wotchipa modabwitsa. Amisiri anali atandilangiza chochita, ndiye ndinapempha kachidutswa, n'kupala kansinga kamodzi ndi mpeni. Pamwamba pofiira ngati kopa, m'kati moyera mbee. Ndi aluminiyamu wopakidwa kopa. Mpukutu wake ukaunyamula umapepukanso. Wogulitsa anati, "Bwana, onse akugula yemweyu." Ndinathokoza n'kutuluka. Wa kopa weniweni ndinampeza sitolo yachitatu, ndipo mamita 30 anadya pafupifupi theka la ndalama zonse za ntchitoyi.

Breaker inandizunguza kwambiri. Ikufunika ya 20A imene imadulanso magetsi akayamba kuthawira pansi, ya 30 mA. Koma zimenezi zili m'mitundu. Zofala m'masitolo ndi za mtundu wa AC, zomwe zimakwana pa ayironi ndi ketulo. Galimoto ikavuta ingathe kutulutsa magetsi a mtundu wa batire kubwerera m'waya, ndipo amenewo amaichititsa khungu breaker ya AC, osadulanso ngakhale munthu atagwidwa. Njira zilipo ziwiri: kugula ya mtundu wa B, yodula zedi komanso yosowa, kapena ya mtundu wa A pamodzi ndi chingwe chomwe chimadzidula chokha chikamva 6 mA ya magetsi oterewo. Ndatenga yachiwiri. Anyamata a m'sitolo ziwiri sanadziwe kuti pali mitundu. Ndinachita kuwaonetsa kachizindikiro kojambulidwa pa breaker.

Soketi ya buluu, switch yake yodulira, mapaipi a pulasitiki ndi zitsulo za earth, zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa waya.

Chingwe ndinaitanitsa kale pa intaneti. Amene mukufuna kutero yang'anani mphuno ya galimoto yanu kaye. Za ku Japan ngati yanga zimalandira Type 1, ya mabowo asanu ndi kachogwirira pamwamba. Za ku Ulaya ndi Type 2, ya mabowo 7. Za ku China zili ndi yawoyawo, GB/T, imene imaoneka ngati Type 2 koma sizilowana. Pa zithunzi za ogulitsa zonse zimaoneka ngati zofanana, ndipo kubweza katundu kuchokera ku Salima ndi maloto.

Loweruka loyamba la Okutobala

Ngalande yakumbidwa. Mumchenga ntchito imayenda, anyamata awiri anamaliza dzuwa lisanafike pamutu, kuya kwake kufika m'maondo. Waya ali m'paipi chifukwa cha makoswe ndi khasu la mayi, amene amafuna kudzala chinangwa paliponse pomwe paoneka dothi lofewa. Zitsulo ziwiri zakhomedwa, ndipo makina aonetsa ma ohm 84. Amisiri ati pa mchenga wa chilimwe zimenezo n'zovomerezeka. Soketi aiika m'mwamba, pofika pachifuwa panga, kuti ana ndi mbuzi asaipeze, kamwa yake yoyang'ana pansi.

Chingwe sichinafike.

Lachisanu, pakati pa Okutobala

Chingwe chafika dzulo. Chili ndi kabatani kosankhira 6A, 8A, 10A, 13A kapena 16A, ndi kagalasi koonetsa ma volt ndi ma amp. Ndinayamba ndi 10A kwa theka la ola, n'kumagwiragwira pulagi ngati mayi woyeza mwana wodwala malungo. Inali yozizira. Ndinakweza kufika 16A.

Nthawi inali 10 koloko usiku. Ndinalemba mayunitsi a pa mita: 46.2. Kagalasi kanaonetsa 224V ndi 15.6A, ndiye kuti makilowati 3.5 akutuluka pakhoma. Ndinakhala pa mpando wa pakhonde, udzudzu ukundidya, kumvera kaphokoso kakang'ono ka pansi pa boneti ndi mafunde a kunyanja. Patatha ola pulagi inali yofunda pang'ono chabe, ngati dzira longoikiridwa kumene. Breaker nayo chimodzimodzi. Nyali zitatu za buluu za pa dashibodi zinayaka imodzi ndi imodzi, ndipo itangotsala pang'ono kukwana 2 koloko zinaima. Mita inali pa 32.4. Pa mayunitsi 13.8 amenewo, ena ochepa ndi a firiji ndi fani.

Maola osakwana anayi. Ndinalowa m'nyumba kukauza mayi, anangoti "zikomo" n'kutembenukira kukhoma.

Chinthu chimodzi chomwe anthu sachiyembekezera: kutchaja mofulumira sikudya mayunitsi ambiri. Ndi omwewo, angolowa msanga. Mwinanso amachepako pang'ono, chifukwa nthawi yonse yomwe galimoto ikutchaja, makompyuta ake ndi pampu yoziziritsa tchaja zimakhala zikudya nawo, ndipo maola anayi amadya zochepa kuposa maola 7.

Lachiwiri

Lero ndadzichititsa manyazi ndekha. Ndinafuna kuti galimoto iziyamba yokha kutchaja 1 koloko usiku, magetsi atakhazikika ndiponso batire litazizira. Leaf ili ndi wotchi yochitira zimenezi. Zonse za pa sikirini zili m'Chijapani, ndiye ndinagwiritsa ntchito kamera ya foni kumasulira, n'kuika 1:00. Ndinalumikiza chingwe madzulo n'kupita kukasamba.

Itangokwana 6 koloko nyali za m'nyumba zinafooka. Mayi anali atayatsa hotplate, mwana akusita yunifomu. Nditatuluka ndi thaulo ndinapeza galimoto ikutchaja mosangalala, kagalasi kakuonetsa 204V.

Wotchi ya m'galimoto ikuyendabe pa nthawi ya ku Japan, ndipo Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7. Kwa iyo, 6 koloko madzulo ya ku Senga Bay ndi 1 koloko usiku. Zaka zonsezi ili pa Malawi mtima wake uli kwawo. Ndasintha kuika 8:00, imene ndi 1 koloko yathu, ndipo ndamata kapepala pa dashibodi kolemba kuti "onjezera 7".

Ngoziyi yandiphunzitsa kanthu. Galimoto imagwira ma amp omwe yaloledwa, ndiye ma volt akatsika, mphamvu yolowa imatsika nawo: 16A pa 204V ndi makilowati osakwana 3.3. Kutchaja madzulo ndi kuchedwa, kulanda anzako a m'mudzi magetsi ofooka kale, ndi kuyambana ndi wophika. Tagwirizana kuti kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko soketi ya buluu ndi yotseka, pokhapokha patakhala matenda. Zikatero ndimatsitsa kufika 8A. Kabatani kosankhira ma amp kaja ndinkakaona ngati chokongoletsa, koma ndi kamene kakusunga mtendere pakhomo.

Kumapeto kwa Okutobala

Kwatentha moti ngakhale nkhuku zikuyenda zitayasamula. Batire la Leaf lilibe madzi kapena fani yoliziziritsa, limangodikira mphepo. Geji ya kutentha kwake, imene m'miyezi yozizira imakhala pa mizere 5 kapena 6, masiku ano ikufika 7 ndikamabwera masana. Kutentha ndi komwe kumakalambitsa mabatire amenewa, makamaka akakhala odzadza ali otentha. Apa soketi ya buluu yandithandiza m'njira yomwe sindinaiganizire. Kale ndinkakakamizika kulumikiza ndikangofika, batire lili moto, chifukwa maola 7 sakanakwana mwanjira ina. Tsopano galimoto imapuma kuyambira madzulo, n'kuyamba 1 koloko, n'kumaliza tambala asanalire kachiwiri. Masiku omwe ulendo ndi waufupi ndimaiuza kuti ilekere pa 80 peresenti.

Vuto la wotchi ndi lakuti siidziwa za kuthima kwa magetsi. Lachinayi anathima pakati pa usiku n'kubwera 5 koloko m'mawa. Ndinadzuka batire lili pomwe ndinalisiya. Ndinadina batani lothimitsa wotchi, ndipo pomwe timamaliza kulongedza mazira ndi kumwa tiyi, ola limodzi ndi theka, inali italandira mayunitsi asanu, okwanira, pamodzi ndi omwe anatsala m'batire, kukafika paboma ndi kubwerera ngati phazi lili lopepuka. Ndi chingwe cha 8A ndikanapeza osakwana atatu, n'kukathera m'njira. Ndi m'mawa ngati umenewu pomwe ndimaona kumene ndalama za waya zinapita. Tsopano ndikaona kuti tsiku lonse magetsi akhala akuthimathima, sindidikira wotchi, ndimalumikiza 9 koloko.

Shedi ya galimoto ndaganiza ya malata, yotseguka mbali zonse. Ya udzu ndi yozizira bwino, koma fungo la Seputembala lija sindinaliiwale.

Lamlungu lachiwiri la Novembala

Aliyense wobwera kudzaona amafunsa funso limodzi: "Nanga bwanji osangoika sola?" Funsoli ndi lomveka kuno. Dzuwa tili nalo, ndipo pa Nanjoka pali munda wa mapanelo wa kampani ya JCM wa mamegawati 60, umene unayamba kugwira ntchito mu 2021. Inenso ndili ndi kasola ka pakhomo: mapanelo anayi, inveta, ndi mabatire awiri a 12V, 100Ah. Ndinawerengera. Mabatire awiriwo pamodzi amasunga mayunitsi 2.4, ndipo a mtovu sufunika kuwatsitsa kupitirira theka. Ndiye kuti angapereke yunitsi imodzi ndi pang'ono, pomwe galimoto ikufuna 13. Kukhala ngati kudyetsa ng'ombe ndi madeya a nkhunda.

Masana, kuchokera ku mapanelo molunjika, n'zotheka kumbali ya masamu. Chochepetsetsa chomwe galimoto imavomera ndi 6A, pafupifupi mawati 1,400, ndiye mapanelo ayenera kupereka zimenezo mosadukiza, mtambo usadutse. Anga anayi amafikako masana enieni okha. Lero ndinayesa, chifukwa Lamlungu galimoto imakhala pakhomo. Chingwe chinakana, nyali yofiira ikuphethira, chifukwa inveta ikakhala payokha sichikuona earth momwe chimafunira. Amisiri ati zingakonzedwe, koma ndawauza adikire. Masiku 6 pa sabata galimoto imakhala pa msewu nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuwonjezera mapanelo chifukwa cha Lamlungu lokha si nzeru ya chaka chino.

Wina anati nditchajire pa jenereta. Ndinamufunsa kuti petulo wake ndikafole pa mzere uti.

Sabata yoyamba ya Disembala

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu usiku, ya mphepo yochokera kunyanja, ndi mphenzi zoti galu anathawira pansi pa bedi. Ndinathamanga ndi tochi kukazula chingwe. Soketi inali youma m'kati, koma mvula yoomba cham'mbali inanyowetsa chibokosi cha chingwe, chomwe ndinkangochisiya pa njerwa. Sichinaonongeke. M'mawa ndinachikhomera kambedza pakhoma ndi kadenga ka chidutswa cha lata.

Amisiri anabwera Lachisanu kudzaona ntchito yawo patatha miyezi iwiri. Anatsegula soketi n'kumangitsa masikuluwu, ati waya wotentha n'kuzizira tsiku ndi tsiku amamasuka yekha, ndipo pomasuka ndi pomwe moto umayambira. Anadina batani loyesera breaker, inadula nthawi yomweyo. Earth yatsika kufika ma ohm 51 dothi litanyowa. Anandikalipira pang'ono chifukwa chozengereza kugula chotetezera ku mphenzi choika mu bokosi la ma breaker. "Achimwene, tchaja ya m'kati mwa galimotoyi ikapsa, kuno mulibe woikonza." Ndawalonjeza kuti ndigula mwezi uno. Pakadali pano kukangoyamba kung'anima kumbali ya nyanja ndimazula.

Ndawerengera zonse zomwe ndatulutsa: waya, breaker, soketi, mapaipi, zitsulo, chingwe, amisiri, anyamata okumba ndi minibasi. Zapitirira pang'ono mtengo wa chibokosi chomwe alamu anandionetsa, chokhachokha chisanafike pakhoma. Chikanafunanso waya yemweyu, earth yomweyi ndi amisiri omwewa, n'kumandipatsa maola anayi omwewa.

Zatsala: chotetezera ku mphenzi, malata a shedi, ndi kamita kakang'ono ka pa waya wa galimoto yokha, kuti tileke kukangana ndi mayi za amene wamaliza mayunitsi. Chingwe cha ku Japan chija ndachipachika m'sitolo, pulagi yake yopsa ili pomwepo. Alamu aimba kuti abwera pa Khirisimasi, ndipo afunsa ngati soketi ya buluu ingathe kuyendetsa makina owotcherera, ati geti lathu lawatopetsa.